Majini a Nkhuku Zopulumuka Chitopa

Lolemba, 3 Juni

Wafika. Mndandanda uja wafika.

Imelo cha m'ma 10, ine ndili pa sinki kutsuka mabotolo a mu labu, manja ali thovu lokhalokha. Ndinaitsegula ndi kachala kakang'ono. Kenako kukhala pa kampando kozungulira kaja, phee, ngati munthu wotula mtolo.

Miyezi isanu ndikudikira. Machubu 40 a magazi a nkhuku, m'bokosi la ayezi, kupita kwa anthu a makina owerengera majini. Sabata iliyonse maganizo omwewo: ayezi wasungunuka panjira, magazi aonongeka, atiuza kuti palibe chowerenga. Ayi ndithu. Onse 40 awerengeka.

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzakalamba ndidzakumbuke chimene chinkandizunguza mutu. Nkhuku 40 m'khola lotsekedwa. Zonse tinazipatsa kachilombo ka chitopa. Tsiku lachiwiri tinatenga magazi, tisanadziwe kuti yodzafa ndi iti. Zinafa 21, zinapulumuka 19. Funso lathu: m'thupi mwa zopulumukazo munkachitika chiyani chimene mwa zinzakezo munalibe? Yankho akuti lili apa. Majini 312 amene ankagwira ntchito mosiyana.

Yankho, koma losawerengeka. Mayina a zilembo ndi manambala, ngati manambala a galimoto. Masamba asanu ndi awiri. Odziwika kwa ine mwina 15.

Ndawaimbira amayi pa nkhomaliro. Afunsanso ngati ali majini omwe aja ogwetsa anthu pansi. Chaka chachitatu chino ndikuwauza kuti si mizimu, ndi timalangizo ta m'maselo, tomwe tinandipatsa ine mphuno ya malemu bambo. "Bola usabwere nawo kunyumba kuno," atero, uku akuseka.

Apulofesa, mwini kafukufukuyu, angoti zikomo, pa 21 tikhale ndi chonena. Pa 21 ndi tsiku la komiti yoona ngati ntchitoyi ipitirire kapena itsekedwe.

Lero ndamaliza mbale yonse. Ndi kale.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndinayamba monga tinaphunzirira. Kutenga dzina limodzi, kulifufuza, kuwerenga. Jini loyamba: mapepala a kafukufuku 1,400. Lachiwiri 600. Pofika 12 koloko ndinali pa lachitatu, maso akuyabwa, khosi lauma. Pa liwiro limeneli ndidzamaliza mwana wanga ali pabanja.

M'chipinda chomwera tiyi ndinakumana ndi a Pasiwedi, mayi woyang'anira makompyuta athu. Dzinali tinawapatsa chifukwa chotikalipira za mapasiwedi omata pa sikirini. Anaona masamba anga odulidwa mizere ndi pensulo, n'kufunsa ngati ndalakwira munthu kuti ndizilangidwa chonchi.

Ananditengera ku ofesi kwawo. Kachipinda kopanda windo, mawaya pansi ngati mizu, fani ikulira. Anandionetsa pulogalamu ina ya pa intaneti. Ntchito yake: inawerenga kale chidule cha mapepala a sayansi mamiliyoni ambiri. Umaipatsa mndandanda wako wonse, iyo n'kufufuza kuti mayinawo anatchulidwa pati, pamodzi ndi matenda ati, ziwalo ziti, ntchito yanji ya m'thupi. Kenako imawaika m'magulu: awa amayendera limodzi pa zakuti, awa pa zakuti. Ukadina gulu, imakuonetsa ziganizo zenizeni zimene yatengako mfundoyo.

Ndinafunsa kuti ndiye bwanji sanatiuze kale. Akuti anatumiza imelo kwa tonse chaka chatha, oiwerenga anali iwo okha.

Andilembetsa. Chilolezo chituluka mawa.

Pobwerera ndinadutsa wapansi njira yaitali ija ya kuseri kwa sukulu, dala. Phewa lapepuka. Amunanga akuti ndalowa m'nyumba ndikuimba. Sindinadzimve.

Lachitatu, 5 Juni

Mphindi zinayi. Mayina 312, mphindi zinayi basi.

Gulu loyamba: khansa ya m'mawere. Lachiwiri: matenda a shuga. Lachitatu: kuiwalaiwala kwa okalamba. Pansi pake kuthothoka tsitsi.

Ndinaseka ndekha. Nkhuku ndi mawere. Nkhuku ndi dazi.

Kenako kuseka kunatha. Mndandanda wabwino umaloza kumodzi. Wobalalika chonchi ndi wa zinyalala. Ndipo ine ndikudziwa chimene chingabweretse zinyalala.

Chabwino. Ndilemba. Palibe amene ndinamuuzapo.

Tsiku lotenga magazi, chaka chatha. Nkhuku timazigwira motsatira nambala ya kamphete ka kumwendo, chubu chilichonse n'kuchiika pa kathabwa ka mabowo, kuyambira kumanzere. Lamulo: lemba nambala pa chubu usanagwire nkhuku ina. Pa nkhuku zisanu ndi zitatu zomaliza cholembera chinauma. Ndinati ndikalemba ku labu, mzere ndikuudziwa. Ndikungolowa mu labu, foni. Bambo agwa m'bafa, sakuyankhula. Ndinalemba manambalawo chikwama chili kale paphewa. 33 mpaka 40.

Mpaka lero sindidziwa ngati kathabwako ndinakatembenuza poika pa tebulo. Ngati ndinakatembenuza, chubu cha 33 ndi cha 40, cha 34 ndi cha 39, onse asanu ndi atatu avala mayina a anzawo. Yakufa ikutchedwa yopulumuka.

Bambo anatisiya patatha masiku anayi. Pobwerako ku maliro machubu anali mufiriji, aliyense akundigwira dzanja kundipepesa. Ndikanayamba bwanji? Ndinati mawa. Mawa lake ndi chaka.

Kubwereza n'kosatheka. Nkhuku zija kulibe. Chilolezo cha kachilomboko chinatenga miyezi khumi ndi umodzi.

Ndatseka laputopu 3 koloko. Ndauza anzanga kuti mutu.

Lachisanu, 7 Juni

Dzulo sindinalembe. Sindinapitenso ku ntchito.

Amunanga anali pa ofu. Masana ndikuyanika zovala, iwo akundipatsira mapegi, zinangotuluka zokha. Zonse. Ndinkayembekeza kuti anena kuti n'zazing'ono, monga amanenera anthu osadziwa za labu. Sanatero. Anafunsa: "Ndiye chaka chonse chija umatembenuka pabedi chifukwa cha zimenezi? Ine ndimayesa ndi maliro okha." Anati ndikauze munthu wodziwa, mawa lomwe, ndisanasinthe maganizo. M'mawa andiperekeza mpaka pa geti ngati mwana woyamba sukulu.

Kwa Apulofesa sindinalimbe mtima. Ndinakhotera kwa a Pasiwedi.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati za machubuzo tizionabe, koma ayambe aona zimene ndinachita pa pulogalamu. Anayang'ana sikirini masekondi ochepa, n'kuvula magalasi. Pakona yakumanja, kabokosi kakang'ono kosankhapo mtundu wa cholengedwa. Mwalembedwa: munthu.

Munthu. Pulogalamu imayambira pa munthu ngati suiuza zina. Inatenga mayina a majini a nkhuku zanga n'kukawafufuza m'mapepala a matenda a anthu. Ndipo za anthu zolembedwa kwambiri ndi khansa ndi shuga. Jini lililonse linatchulidwapo pa khansa ndi winawake.

"Achemwali, mwapita ndi nkhuku ku chipatala cha anthu," anatero.

Anasintha. Mphindi zinayi zina, ine nditaima kumbuyo kwawo, zikhadabo zili m'kamwa. Mawere anachoka. Dazi linachoka. Kunabwera chitetezo cha thupi, kutupa, mapapo, ndi timagulu tina ting'onoting'ono.

Ndinakhala pa katoni ya mapepala.

Sizikutanthauza kuti machubu ali bwino. A Pasiwedi ananena zimenezo mosabisa: machubu 32 abwino akhoza kukoka mndandanda kuti uoneke wanzeru ngakhale asanu ndi atatu atasokonekera. Ndikudziwa. Komabe lero anthu awiri akudziwa chinthu chimene ndinkachisenza ndekha, ndipo onse akundipatsabe moni.

Loweruka, 8 Juni

Kuchapa, kukolopa, kumuluka mwana tsitsi. Masana iye atapita kosewera kwa aneba, laputopu pa tebulo la kukhitchini.

Ndinayamba ndi timagulu ta pansi, tomwe dzulo sitinatiyang'ane. Kachisanu ndi chiwiri: majini asanu ndi anayi. Mutu wake, opezeka mwa mathadzi okha.

Ndinadina. Ziganizo zochokera m'mapepala osiyanasiyana, zonse kunena chimodzi. Mwa mbalame, wamkazi ndiye ali ndi kachingwe ka majini kamene wamwamuna alibe. Zimenezi ndinaphunzira chaka choyamba ku koleji, n'kuziiwala. Majini asanu ndi anayiwa amakhala pa kachingwe kameneko. Tambala alibiretu.

Poyamba ndinangodandaula. Akutani pa mndandanda wa chitopa? Ndiye kuti mwa zopulumuka munachuluka mathadzi, ife osazindikira. Pa pepala lathu tinangolemba yafa, yapulumuka. Vuto lina.

Ndinaimirira kukathira madzi mu ketulo. Mpopi uli chitsegulire, zinandifikira.

Ngati magazi amadzinenera okha kuti ndi a thadzi kapena a tambala, ndiye chubu chilichonse chili ndi mboni m'kati. Chubu cholembedwa 33 chikanena kuti ndine thadzi, pamene nkhuku nambala 33 inali tambala, ndiye ndinatembenuza. Chikagwirizana, sindinatembenuze. Chofunika n'kudziwa kuti 33 mpaka 40 zinali ziti.

Abambo a kukhola. Mkulu uja wosamalira nkhuku zathu amalemba chilichonse m'buku lake lachikuto chakuda, ngakhale nkhuku ikayetsemula.

Madzi anasefukira mpaka pansi. Ndakolopanso kachiwiri.

Ndawalembera a Pasiwedi uthenga. Ayankha kuti ndi zotheka, Lolemba m'mawa atulutsa manambala a chubu chilichonse. Awonjezera kuti ndiwasiye adye Loweruka lawo.

Mantha alipo. Koma ndi mantha a chinthu chimene chili ndi tsiku lothera.

Lolemba, 10 Juni

7 koloko ndinali kale ku makola. Fungo lomwe lija la utuchi ndi mankhwala opondapo pakhomo. Abambo a kukhola akusesa, jombo zawo zoyera zija. Anadabwa kundiona. Akuti ankayesa ndinakwera maudindo n'kuwaiwala.

Buku la chaka chatha linali m'kabati, pansi pa matumba opanda kanthu. Ananyowetsa chala, kutsegula pang'onopang'ono. Zilembo zawo zopendekera, inki yabuluu. Nambala, kulemera, mtundu wa nthenga, ndi kumapeto T kapena Th.

33 tambala. 34 tambala. 35 thadzi. 36 tambala. 37, 38, 39, 40 mathadzi.

Ndinakopera pa dzanja, kenako ndinajambulanso ndi foni, kenako kukoperanso pa pepala. Iwo akungondiyang'ana. Sanafunse. Anangoti buku silithawa, ndikhoza kubweranso.

Kwa a Pasiwedi. Anali atasindikiza kale pepala, atalitembenuza chafufumimba pa tebulo. Anati ndiwerenge zanga kaye mokweza, kuti pasakhale kunamizana. Ndinawerenga. Anatembenuza.

Majini a mathadzi aja: 33, ziro. 34, ziro. 35, manambala akuluakulu. 36, ziro. Anayi omaliza, onse odzaza.

Sindinatembenuze.

Tinayang'ananso machubu ena 32 aja. Onse akugwirizana ndi buku, palibe ngakhale chimodzi chosemphana.

Ndinathokoza bwinobwino ngati munthu wamkulu, kutuluka, kuyenda mpaka kuseri kwa nyumba ya jenereta. Kumeneko ndiye zinandigwira. Kulira kwenikweni, kokhala ndi mamina. Osati za machubu. Bambo. Chaka chonse ndikangoyamba kuwakumbuka, kathabwa kaja kankabwera n'kuima patsogolo. Tsiku limene anagwa linali tsiku la kulakwa kwanga, osati lawo. Lero kathabwa kachoka, ndawaona: malaya awo a mizere, akusenda lalanje ndi chala chachikulu, khungu lonse osaduka.

Ndinasamba kumaso pa mpopi wa panja. Nkhomaliro ndagula mabanzi awiri, limodzi ndakawapatsa abambo a kukhola. Akuti kodi ndi tsiku langa lobadwa.

Lachiwiri, 11 Juni

Apulofesa.

Ndikanatha osanena. Machubu ali bwino, adziwa ndani? Koma a Pasiwedi akudziwa, ndipo za mathadzi ziyenera kunenedwa basi. Ndinaona kuti ndikadula nkhani pakati ndiyambanso kusenza china.

Ofesi yawo, mabuku mpaka pa windo, kapu ya tiyi wozizira pamwamba pa mafayilo. Ndinayambira pa cholembera chouma mpaka pa buku lakuda. Sanandiyang'ane, ankangozunguza cholembera pa tebulo. Nditamaliza anati:

"Mukanandiuza chaka chatha, tikanayang'ana chaka chatha." Basi. Mawu ake osakweza, koma analowa. Ndi zoona.

Kenako anafunsa za mathadzi. Mwa zopulumuka 19, mathadzi 13. Mwa zakufa 21, mathadzi 8. Anagwira pachipumi. Akuti limenelo si langa ndekha, pulani ya kafukufuku anasaina ndi iwo, ndipo anthu anayi a madigiri tinakhala pa tebulo osaganiza zofunsa kuti nkhukuzo ndi zazimuna kapena zazikazi. Woganiza anali mkulu wa tsache. Anena kuti dzina la abambo a kukholawo lilembedwe m'mathokozo a pepala lathu, ndipo kuyambira lero zolembera zizikhala ziwiri m'thumba la aliyense wopita ku makola.

Mawerengedwe abwerezedwe, poganizira kuti iyi ndi thadzi, iyi ndi tambala. Majini ongosiyanitsa chachimuna ndi chachikazi achoke, atsale a chitopa enieni. A Pasiwedi akuti masiku awiri.

Ndikutuluka anandiitananso. Anafunsa kuti amayi akupeza bwanji masiku ano. Aka n'koyamba.

Kukwera masitepe ndinkalumpha awiriawiri. Wa ku labu ya pafupi wafunsa ngati ndapambana mpikisano.

Lachinayi, 13 Juni

Mndandanda watsopano: 87. Masamba awiri okha.

Kabokosi ndakayang'ana katatu. Nkhuku. Nkhuku. Nkhuku.

Gulu lalikulu, majini 31: aja oliza belu m'thupi kachilombo kakangolowa, kuti maselo oyandikana atseke zitseko. Mwa zopulumuka anali atadzuka kale pa tsiku lachiwiri. Mwa zakufa anali akugonabe. Pulogalamu yatulutsa mapepala 40 ndi kanthu a anthu ena amene anaona zofanana pa matenda ena a mbalame. Ndiye sitili tokha, sitikulota.

Koma si mngelo. Jini lina yalimangirira ku matenda a mano, mapepala 200. Nditadina ndapeza kuti zilembo za dzina lake ndi chidule chimene madokotala a mano amalembera mankhwala omatira dzino. Iyo imangoona zilembo, sidziwa kuti nkhuku ilibe mano. Pena yatenga chiganizo chonena kuti jini lakuti silikhudzana ndi matendawa, n'kuchiwerengera ngati umboni woti likukhudzana. A Pasiwedi akuti iyo ntchito yake ndi kukulozera shelefu, kuwerenga ndi kwako. Ndiye ndikuwerenga. Koma mapepala 60 osankhidwa, osati zikwi.

Chinthu chimodzi chikundikanda. Pamwamba penipeni pa mndandanda, jini losiyana kwambiri kuposa onse, lilibe gulu. Lilibe ngakhale dzina, nambala chabe yaitali ngati ya foni. Ndalitcha Mlendo. Pulogalamu yalondola dzina lakale limene m'bale wake ankatchedwa mwa abakha, n'kupeza mapepala awiri. Limodzi langolitchula m'tebulo la manambala. Linalo ndi la zaka 17 zapitazo, wolemba mmodzi, m'magazini imene sindinaimvepo. Pa intaneti pali chidule chokha.

Ndapempha amayi a ku laibulale andifunire.

Lamulungu, 16 Juni

Kwa amayi, ndi mwana. Basi yodzaza, iye pamiyendo panga ngakhale wakula.

Kwa chaka ndakhala ndikufika pakhomo paja ngati mlendo wothamangira basi yobwerera. Lero ndinalowa ku chipinda chawo, n'kutsegula kabati. Majekete a bambo akadali momwemo. Ndinaika nkhope mu lija la bulauni. Fungo latsala pang'ono.

Ndinawauza amayi nkhani yonse tikusenda mbatata. Za kachingwe ka mathadzi sanazimvetse, koma za kathabwa anamva. Anaika mpeni pansi. Akuti tsiku lija iwonso anasiya chitofu chikuyaka n'kuthamangira ku chipatala, anazimitsa ndi aneba, ndipo mpaka lero akamadutsa pa khitchini amachigwira kuti aone. Sanauzeponso munthu.

Tinaseka. Kenako ayi. Kenako tinasekanso.

Masana ndinagona pa sofa, maola awiri athunthu, pakamwa yasa. Mwana wandijambula. Akuti chithunzicho achisunga kuti azindiopseza nacho.

Lachiwiri, 18 Juni

Amayi a ku laibulale apeza. Masamba asanu ndi limodzi ojambulidwa mopendekera, chala cha wojambula chikuoneka pakona.

Ndawerenga kawiri. Wolembayo ndi mayi, anagwira yekha ntchito yonse ndi zipangizo zakale. Anaona kuti abakha, amene chitopa sichiwavutitsa kwenikweni, ali ndi jini limene limadzuka maola ochepa kachilombo kakalowa. Anaganiza kuti mwina ndi limene limayambitsa belu lonse lija. Pomaliza analemba modzichepetsa kuti zikufunika wina azitsimikize. Palibe anatsimikiza. Zaka 17, pepalalo latchulidwa ndi anthu awiri.

Ine ndekha sindikanalipeza. Dzina lina, mbalame ina, magazini yoiwalika.

Ndawaonetsa Apulofesa. Anawerenga ataimirira. Akuti tisathamange, abakha si nkhuku, ndipo pepala limodzi ndi pepala limodzi. Koma anapempha kope lawo.

Ndalembera mayiyo imelo pa adiresi ya pa pepala. Yabwerera pompo, adiresi inafa. A Pasiwedi afufuza, apeza kuti anapuma ntchito, koma dzina lawo lili pa tsamba la kagulu kena ka oonera mbalame, ndi adiresi ina. Ndatumizanso. Mizere isanu ndi umodzi, ndailemba ola lathunthu. Mwina ndi munthu wina wa dzina lofanana.

Masilaidi a Lachisanu: asanu ndi anayi atheka, atsala atatu. Diresi yabuluu ija ikufunika batani.

Lachisanu, 21 Juni

Zatha. Ntchito ipitirira, zaka zina ziwiri.

Chipinda cha misonkhano, tebulo lalitali, anthu asanu ndi awiri, mabotolo a madzi. Pulojekita inakana kuyaka mpaka a Pasiwedi anabwera n'kuigwira penapake.

Za mathadzi ndinanena ndekha asanafunse: tinaphonya apa, tinazindikira chonchi, takonza chonchi. Mkulu wina wa ndevu zoyera, amene amadziwika kuti amang'amba ophunzira, anafunsa kuti ndikutsimikiza bwanji kuti machubu sanasokonekere pena paliponse, poti zimachitika. Apulofesa anayang'ana kudenga. Ine ndinatsegula silaidi ya buku lakuda ndi manambala a machubu 40, mbali ndi mbali. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti akufuna ophunzira ake azichita zomwezo.

Wina anafunsa ngati si pulogalamu yandiganizira zonsezi. Ndinawauza za mankhwala a mano. Anaseka onse.

Za Mlendo ndinanena pang'ono, pa silaidi yomaliza, ndi chizindikiro cha funso.

Titatuluka Apulofesa anangogwedeza mutu kamodzi. Kwa iwo kumeneko ndi kuvina.

Amunanga anabwera kudzanditenga ndi mwana. Tinagula ayisikilimu pa kona, kudya titakhala pa khoma la positi ofesi, dzuwa likuwomba kumsana. Batani lija linadukanso. Ndilibe nazo ntchito.

Imelo ija sinayankhidwe.

Lachitatu, 26 Juni

Masiku anayi opanda cholemba. Kugona bwino, kudya bwino, kuyeretsa firiji ya mu labu. Ndaphunzitsa anzanga atatu pulogalamu ija, kuyambira pa kabokosi ka pakona.

Lero 9 koloko, imelo. Mayi wa abakha. Ndi iwo ndithu.

Apepesa pochedwa, akuti adiresiyo amaitsegula mwa apo ndi apo, ndipo anayamba ayesa kuti ndi achinyengo. Ali ndi zaka 74. Ndakopera mawu awo pano kuti ndisawataye: "Zaka 17 palibe amene anandifunsapo za jini limenelo. Ndinafika pokhulupirira kuti ndinalakwitsa penapake, ndipo anthu anangondichitira ulemu posanena."

Ndawerenga chiganizo chimenecho kasanu.

Akuti panali kafukufuku wachiwiri amene sanamusindikize, chifukwa woyamba uja sanamveke kulikonse. Makope atatu olemba pamanja, ali m'katoni pamwamba pa wadiropu. Mwana wawo wakhala akuwauza kuti azitaye. Akufunsa ngati ndingawafune, akhoza kujambula tsamba lililonse ndi foni, pang'onopang'ono, poti manja ayamba kuvuta. Afunsanso, ngati sikuvutitsa, kuti mwa nkhuku zangazo ndinaona chiyani kwenikweni.

Ndili ndi machubu oti ndiike m'makina isanakwane 11. Machubuwo adikire.

Ndayamba yankho katatu, kufufuta katatu. Loyamba linali ngati kalata yofunsira ntchito. Lachiwiri manambala okhaokha. Ma graph ndi matebulo ndiwatumizira masana, Apulofesa akaona. Koma ichi chokha achidziwe m'mawa uno, asanatsekenso kompyuta yawo kwa sabata ina. Ndiyesere pano kaye.

Mayi, simunalakwitse. Mwa nkhuku zanga zonse zimene zinapulumuka, jini lanu lija linali litadzuka kale pa tsiku lachiwiri.